Nyimbo ya a Lau ndi Mbuzi za ku Limehouse

Ndinayambitsa ndine. Ndinene zimenezi poyambirira, ana inu, chifukwa amayi anu akamakamba nkhaniyi amati, "Malume anuwa anapusitsidwa ndi anzawo oipa." Anzanga oipa ake ati? Mnzanga woipa ndinali ine mwini, ndipo tinkagwirizana kwambiri.

Tadala, ndi iwe Takondwa, khalani pansi. Ndikudziwa kuti ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zokha, ndevu zanga mungathe kuziwerenga osapuma. Koma kwathu mwana wa mlongo wako ndi mdzukulu wako. Ndiye inu ndinu adzukulu anga, ine ndine nkhalamba yanu, ndipo nkhalamba ikamalankhula sailowa m'kamwa ndi Chingerezi chanu cham'mphunocho. Ndalemba m'Chichewa dala. Tsiku limene mudzafune kudziwa manyazi a banja lanu, mudzayamba mwaphunzira chilankhulo chake.

Kalekale, zaka zitatu zapitazo, dziko linali lina. Iwe Tadala unalipo, koma unali wotanganidwa ndi kudya makirayoni. Inu mwakulira pa zofewa. Masiku athu intaneti inkayamba yalira ngati mphaka wopanidwa ndi chitseko isanalumikize, ndipo agogo anu akafuna kuimba foni ku Chilomoni umachoka pa kompyuta, ngakhale mtsikana atangokuyankha kumene patatha sabata. Mabasi ena analibe chitseko kumbuyo, umangodumphira akuyenda, kondakitala n'kukutukwana mwaulemu. Inu mukukwera mabasi ogwada, otsika okha kuti mafumu mukwere. Ndipo kunali kaseti. Kaseti, ana inu, kanali kabokosi kokhala ndi matumbo. Wailesi ikapsa mtima inkatafuna matumbowo, iwe n'kutenga bolopeni, kuilowetsa pabowo, n'kumapota mpaka abwerere m'mimba. Mavuto amenewo ndi amene anatipanga kukhala amuna.

Nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka ziwiri kuno ku Lewisham, ndipo phunziro la mbiri yakale ankatiphunzitsa Mayi Pritchard. Anali mayi wabwino mtima, ubwino uja umakutopetsa. Sabata yanga yoyamba anandiimika kutsogolo kuti ndiuze kalasi za mikango. Ine mkango ndinauona koyamba pa TV, m'nyumba mwa amayi anu. Koma ndinawauza ndithu kuti tinkauthamangitsa ndi maswiti popita ku sukulu, ndipo analemba m'kope.

Tsiku lina anabwera ndi pulojekiti. Tsidya lija la mtsinje, ku Limehouse, kunali mudzi wa Matchaina. Sindikunena kuja ku Soho kuli chipata chofiira ndi abakha olendewera pawindo ayi. Ndikunena woyamba, wa kumadoko. Amalinyero ochokera ku China ankatsika m'sitima zapamadzi, ena n'kukhalira, kukwatira akazi achingerezi, kutsegula malo ochapira zovala ndi tinyumba todyera. Mabomba a nkhondo anagwetsa mbali ina, kenaka omanga mzinda anamalizitsa mwaukhondo ntchito imene mabomba anaisiya panjira. Chotsala ndi mayina a misewu. Umaima pa msewu wa dzina la mzinda wa ku China, kuyang'ana uku mafulati, kuyang'ana uko mafulati, ndi nkhunda imodzi yodwala.

Ana ndi adzukulu a anthu amenewo anapanga kagulu kosonkhanitsa zotsala: zithunzi, simbi zakale zositira, ndi mawu a nkhalamba zisanapite. Ankafuna kuzionetsa mu holo ina komweko, ndipo anapempha sukulu yathu ithandize kujambula mawu.

Nditawauza agogo anu kuti tikukasunga mbiri ya Tchaina, anafunsa osatukula mutu, "Ikhalitsa?" Inu simungamve. Kwathu tikati chinthu ndi tchaina ndiye kuti wagula lero, mawa chathyoka.

Tinapita pa sitima ija yopanda dalaivala, ine nditakhala kutsogolo kuiyendetsa ndi chivindikiro cha bokosi la chakudya. Gulu langa linapatsidwa a Lau, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, yokhala yokha mu fulati pafupi ndi Pennyfields. Ndinkayembekezera ndevu zazitali ndi miyambi. Ndinapeza mdala wadazi wovala juzi yobiriwira, wolankhula Chingerezi cha kumadoko chokhuthala kuposa cha Mayi Pritchard. Bambo awo anali mmalinyero amene anatsegula malo ochapira zovala, mayi awo Mngerezi. Chitchaina sankachidziwa. Bambo awo sanawaphunzitse, ankafuna mwana wawo akhale Mngerezi weniweni. Ukumva, Takondwa? Ndikunena a Lau, sindikunena munthu wina.

Atakamba za nthunzi ndi sitachi ndi makolala a azungu, ananena chinthu china.

"Nyumba yathu inapsa ndi bomba. Bambo anali atamwalira kale ndili mwana. Ndilibe chithunzi chawo, ndilibe ngakhale batani la malaya awo. Ndili ndi ichi chokha."

Anatsinzina n'kuimba. Mizere inayi, mawu onjenjemera, kanyimbo kokwera n'kutsika ngati munthu woyenda pamiyala.

"Tanthauzo sindikulidziwa," anatero. "Mwina ndi ya panyanja. Masiku ena imabwera, masiku ena ndimaifuna osaipeza. Mundilembere papepala, kamdzukulu kanga Rosie kaigwire ndisanaitaye."

A kagulu aja anaitana mtsikana wa ku yunivesite wochokera ku Beijing. Anamvetsera kawiri n'kupukusa mutu. Anati chimenecho ndi chilankhulo cha kumidzi ya kumwera, sakutolapo ngakhale liwu limodzi. Zinali ngati kumuuza munthu wa ku Dedza amasulire Chilambya. Pamenepo Mayi Pritchard anatembenukira kwa ine, nkhope ikuwala.

"Kondwani! Iwe umalankhula zilankhulo ziwiri, uli ndi khutu. Tenga kaseti, ukalembe mawuwo monga akumvekera."

Mwaona nzeru? Kwa iwo dziko linali ndi zilankhulo ziwiri basi: Chingerezi, ndi chinacho. Popeza ine ndinkalankhula chinacho, nkhani inali yatha.

Ndinayesa, ndisaname. Ndinaimvetsera katatu konse. Pepala linangokhala mbee. Linafika Lamulungu masana, ntchito ikufunika Lolemba, anzanga akundidikira ku mpira. Ndipo ndinakumbukira khoma la chimbudzi cha sukulu yanga ya pulayimale ku Chilomoni, kumene akatswiri a ndakatulo ankalemba ndi makala. Ndinabwereka mzere woyamba kumeneko, inayo n'kuwonjezera ndekha, kenaka ndinaduladula mawu kuti aoneke achitchaina:

WO WE LE NGA NDI MBU ZI
WO MVE LA NDI NKHO SA
WO O MBA MMA NJA NDI BU LU
WO LE MBA YE KHA NDI MU NTHU

Ndinawerenganso ndi zala kuti zikwanirane ndi kaimbidwe ka a Lau. Anthu amati sindinkalimbikira sukulu.

Ndinkadziwa kuti ndigwidwa Lolemba, tiseke, ndikhale ditenshoni, kutsala m'kalasi anzanga ataweruka, basi. Koma Mayi Pritchard anawerenga, anaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti, "Tamverani kukongola kwake. Munthu umachita kumva nyanja." Anatumiza kosindikiza, zilembo zazikulu ngati dzanja langali, pansi pake atalemba kuti ndi nyimbo ya amalinyero, tanthauzo silikudziwika. Pepala lina anawatumizira a Lau.

Kutatsala sabata kuti chionetsero chitsegulidwe, tikukhoma zithunzi mu holo, a Lau anandikoka mkono. Anatulutsa pepala langa m'thumba la juzi, litapindidwa mpaka kufewa.

"Zikomo, mnyamata. Kani zaka zonsezi ndakhala ndikuimba molakwika? Kukalamba n'koipa. Tsopano ndikuphunzira papepala lakoli m'mawa uliwonse. Rosie wagwira kale, akaimba patsikulo."

Apa ndi pamene munthu wabwino akanaulula. Nkhalamba yabodza ikanakuuzani kuti mtima unaipweteka osagona. Ine unandipweteka kuchokera ku Limehouse mpaka sitima italowa pansi pa mtsinje. Itatuluka ku Greenwich ndinaganiza za Rosie, kamtsikana ka ku Romford, kakuimba za mbuzi pamaso pa mabwana, ndipo ndinaseka mpaka Lewisham, mayi wina n'kusamuka mpando.

Kalata yoitana makolo ndinaibisa m'nsapato ya mpira. Amayi anu, kazitape wa banja lino, anaipeza. Mukawathokoze. Ndiye Loweruka masana agogo anu anatulukira mu holo muja atangoweruka shifiti ya kuchipatala, atatsagana ndi mnzawo wa kutchalitchi, Amai Zulu a ku Chipata, aja akaseka m'basi dalaivala amayang'ana pagalasi.

Holo inadzaza. Kunali nkhalamba zachitchaina, azungu a nkhope zachitchaina pang'ono, ndi bwana wina wa boma wovala unyolo wagolide pakhosi. Bwanayo analankhula kwa nthawi yaitali za amalinyero olimba mtima, za namondwe, za kusunga zakale mokhulupirika. Kenaka anavala magalasi, anayandikira chikwangwani changa, n'kuwerenga mwapang'onopang'ono, mwaulemu wonse.

"Wo... we... le... nga... ndi... mbu... zi."

Ana inu, ndaona zokoma pamoyo wanga wautaliwu, koma imeneyo ndiye nsonga. Anthu anamvetsera mwachidwi, mitu itapendekeka, monga mzere wachiwiri unanenera. Rosie anakwera pa kabokosi, diresi yofiira, zaka zisanu ndi ziwiri, n'kuimba ndi kaimbidwe keni keni ka a Lau, Chichewa chomveka bwino kuposa chanu. Atamaliza, holo yonse inaomba m'manja.

Amai Zulu anaomba katatu, kachinayi manja anaima m'malere.

"Iwe! Amake Kondwani, mwamvela vamene aimba uyu mwana? Ni Cinyanja ici!"

"Khalani chete, amayi."

"Nikhale cete bwanji? Bwana uja ni mbuzi, ise tonse ndise nkhosa. Manje ine naomba m'manja, nanga ndine bulu ine? Mayo ine!"

Anaseka mpaka kugwira mpando, misozi mbwembwembwe. Agogo anu sanaseke. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka anandipeza kuseri kwa tebulo la simbi.

"A Kondwani. Tabwerani kuno, bambo."

Phunzirani ichi, chidzakuthandizani. Agogo anu akati "iwe galu," palibe choopsa. Akakupatsa ulemu, lemba wilu.

Anandigwira khutu lija ankalitama Mayi Pritchard, n'kundikokera kutsogolo. Anandiuza ndimasulire m'Chingerezi, mzere ndi mzere, mokweza. Ndinamasulira bwino kwambiri, pajatu ndimalankhula zilankhulo ziwiri. Bwana uja anavula magalasi. Mayi Pritchard anafiira kuyambira pakhosi kukwera m'mwamba, ngati botolo likudzaza sobo. Nkhalamba ina kumbuyo inaseka, mkazi wake n'kuigunda ndi chigongono.

A Lau sanakalipe. Anatulutsa pepala lija, analiyang'ana, n'kuliika patebulo. Anatsinzina kuti aimbe yawo yeniyeni. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali "Wo we le..." Anaima. Anayesanso. Chimodzimodzi. Masabata atatu akuloweza mbuzi yanga m'mawa uliwonse, mbuziyo inali itadya nyimbo ya bambo awo.

"Yapita," anatero, osauza munthu aliyense.

Pamenepo ngakhale Amai Zulu anasiya kuseka.

"Kaseti ili kuti?" anafunsa agogo anu.

Kaseti inali kunyumba, m'wailesi yanga. Ndipo kwa masabata atatu ndinali ndikujambulirapo nyimbo za pa wailesi, chifukwa kaseti yopanda kanthu sinkapezeka wamba. Ndinawauza zimenezi pa siteshoni, sitima ikubwera, kuti pakhale mboni. Ulendo umenewo sindinakhale kutsogolo.

Titafika anakhala pa bedi langa, jekete osavula, n'kudina batani. Mbali yoyamba ndiye inali itapita yonse, ng'oma zokhazokha. Zimene zinafufutika ndi mawu oyamba a Mayi Pritchard, a mphindi makumi awiri, ndi nkhani za sitachi zimene a Lau akanatha kubwereza. Dziko silinalire. Agogo anu anatembenuza kaseti. Kunamveka phokoso la makapu, chifuwa, kenaka mawu onjenjemera aja, mizere inayi yonse.

Mbali yachiwiri sindinaikhudze, chifukwa kutembenuza kaseti kunkafuna kudzuka pa bedi. Choncho aphunzitsi akamakuuzani kuti ulesi sulipira, muziwauza kuti mbiri ya Matchaina a ku Limehouse inapulumuka ndi ulesi wa malume anu.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi tinakapepesa. Kwathu wolakwa amanyamula nkhuku. Koma kuno nkhuku yamoyo sikwera sitima, ndiye agogo anu anagula ya mufiriji, youma gwa ngati mwala. Ndinagwada pa kapeti ya a Lau, nkhuku m'manja awiri, zala zikufa dzanzi, agogo anu akufotokoza m'Chingerezi chawo cha kuchipatala kuti mwanayu analeredwa bwino koma sizinagwire. A Lau ankangoyang'ana nkhukuyo. Agogo anu anaika wailesi patebulo n'kudina.

Mdala uja anamva mawu ake omwe. Milomo inayamba kutsatira. Anati, "Bwerezani." Anabwereza. Kachitatu anaimba nawo mpaka kumapeto, osaphonya. Ine maondo anali akuyaka.

"Dzuka," anatero. "Nkhuku yako ikudontha pa kapeti yanga."

Ndinadzuka.

"Akuti uli ndi khutu. Ine ndaona kuti uli ndi manja. Loweruka lililonse uzinyamula wailesi iyi. Tizipita kulikonse kuli nkhalamba zachitchaina mu London muno, mpaka tipeze munthu woimva."

"Nanga mpira?" ndinafunsa.

"Ufunse kachiwiri," anatero agogo anu m'Chichewa, akumwetulira a Lau.

Ndiye tinayenda, ana inu. Dzinja lonse lija, mdala ndi ndodo yake patsogolo, ine pambuyo ndi wailesi m'chikwama. Tinalowa m'makhitchini a kuseri kwa Soho, kumene ophika ankamvetsera mipeni ili m'manja. Tinapita kumene nkhalamba zimakumana kudya chakudya chamasana ndi kumenyetsa timatabwa ta masewera patebulo. Ena ankapukusa mitu. Wina anagwirapo liwu limodzi, akuti "mutu". Wina anati "mutu" ayi, ndi "nyemba", ndipo anakangana mpaka tinachoka osatsanzika. Kulikonse a Lau ankayamba ndi kundionetsa: "Uyu ndi amene anatcha bwana wa boma mbuzi." Kulikonse, akangomva zimenezo, ankandiikira mbale.

Loweruka lachisanu ndi chiwiri tinafika ku Croydon, kuseri kwa sitolo ina ya zakudya. Kunali gogo wina wamng'ono ngati iwe Tadala, Mayi Wong, atakhala pa kreti akusadzula ndiwo zamasamba. Ndinadina batani monga mwa masiku onse, maso anga ali pa bakha wowotcha amene anali patebulo. Mzere woyamba, manja a gogoyo anaima. Mzere wachiwiri, anaseka mpaka kugwira mano kuti asagwe. Kaseti itatha iye sanathe. Anapitiriza yekha mizere ina iwiri imene a Lau anali asanaimvepo, kapena anaitaya ali mwana.

Mwana wake wamkazi anamasulira akudziletsa kuseka. Gogoyo anachokera dera lomwelo la kumidzi. Nyimboyo sinali ya amalinyero. Munalibe nyanja, munalibe namondwe. Ndi imene amayi a kumeneko amaimba akamafuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Imauza nsabwe kuti isamuke, ipite kwa mwana wa aneba, mutu wake ndi waukulu ndipo sasamba.

A Lau anakweza dzanja n'kugwira dazi lawo.

"Lamulungu," anatero. "Bambo ankandikhazika pakati pa miyendo yawo, malo ochapira atatseka. Anali ndi kachipeso ka mano ang'onoang'ono. Ndinaiwala. Manja awo ankanunkha sopo."

Analira pamenepo, poyera, pakati pa makatoni. Gogo uja anawasisita padazi, akuimbabe. Ine ndinayang'ana bakha, chifukwa mwamuna akamalira ndi ulemu kuyang'ana kwina, ndipo kwinako kunali bakha.

Mayi Wong analemba mizere isanu ndi umodzi m'zilembo zawo zija, mwana wawo n'kulemba kamvekedwe ndi tanthauzo. Chikwangwani chatsopano chinakhomedwa chionetsero chisanatsekedwe, ndipo Rosie anaphunziranso, ngakhale amayi ake amati akapsa mtima ku sukulu amabwerera ku yakale ija. Changa anachitsitsa. Pachionetsero chonse cha Matchaina, chinthu chokhacho cha tchaina chinapangidwa ndi Mmalawi. Palibe amene anandithokoza kuti popanda ine mdala uja akanapita kumanda akuyesa nsabwe ndi namondwe. Sindidandaula. Akuluakulu enieni sitiyamikiridwa tili moyo.

Za chilango, popeza amayi anu amakonda kumalizira pamenepo kuti muope. Ahedi anandiimitsa sukulu masiku atatu. Tamverani bwino: mwana walakwa, ndiye amuletsa kupita ku sukulu. Ku Chilomoni ndikanakumba dzenje lotalika ngati ine. Kuno ndinagona mpaka dzuwa pamutu, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Agogo anu anandilanda foni kwa mwezi n'kuibisa m'chitini cha mpunga, osaganiza kuti wophika mpunga m'nyumba muja ndinali ine. Ndipo Maloweruka asanu ndi awiri aja ndinadya abakha, nkhanu, timikate ta nthunzi ta nyama mkati, mpaka buluku la yunifolomu linakana kutseka.

Tsiku limene tinabwerako ku Croydon agogo anu anandikhazika pansi.

"Tsono waphunzirapo chiyani pa zonsezi?"

Ndinaganiza mofatsa, monga munthu wolapa.

"Kuti bakha amakoma ndi khungu lomwe, amayi."

Patapata inandidutsa pakhutu n'kukagunda firiji. Anali atatopa ndi shifiti, dzanja silinalunjike. Ndinakawatolera, n'kuwapatsa ndi manja awiri.